Diso, Koloko ya M'thupi ndi Nthenda ya Kaodzera m'Chigwa cha Luangwa

Ngati munakhalapo m'mbali mwa mtsinje wa Lupande dzuŵa liri pafupi kuloŵa, mwina munaona chimene mtengo wa bwemba umachita. Timasamba take, timene usana wonse tinali chitambasukire, timayamba kupindana tiŵiritiŵiri, ndipo pofika mdima mtengo wonse umaoneka ngati wagona. Nshaŵa za m'munda nazonso zimatero. Mukafunsa mwana wa sukulu chifukwa chake, adzayankha msanga kuti masambawo aona kuti kwada. Yankho limeneli silikwanira. M'chaka cha 1729 katswiri wina wa ku France, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan, anatsekera mu mdima kachitsamba ka mtundu wopinda masamba usiku, napeza kuti masamba ake anapitirizabe kutambasuka m'maŵa ndi kupindana madzulo ngakhale kuti sanali kuona dzuŵa. Kachitsambako kanali kusunga nthaŵi mwa iko kokha.

Inunso muli nayo koloko yotere m'thupi mwanu. Ndiyo imene imakudzutsani tambala asanalire kachiŵiri, ndiyonso imene imalemeretsa zikope zanu mukatha kudya nsima ya madzulo. Ndifuna kukufotokozerani mbiri ya mmene anthu anaidziŵira koloko imeneyi, ndi mmene imadalirira diso. Ndiyambira kwathu konkuno, m'chigwa cha Luangwa chimene eni ake amachitcha Malambo, pakuti muno muli nthenda imene imasokoneza koloko ya munthu poyera, ndipo kachirombo ka mtundu wake wa kuno kanadziŵika koyamba kuchokera m'magazi a munthu amene analumidwa m'chigwa chino. Nthendayo ndi kaodzera.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890 mliri wa rinderpest unatsika kuchokera kumpoto, nupululutsa ng'ombe, njati, njiri, ngoma ndi mbaŵala. Ntchentche ya kashembe, imene imakhalira magazi a nyama zimenezi, inasoŵa chakudya ndipo inatha m'madera ambiri. Koma nyama za m'tchire sizichedwa kuswana. Pamene zinali kuchulukanso, dziko linali litagwa m'manja mwa kampani ya British South Africa. Wolemba mbiri Leroy Vail, amene anaphunzitsapo pa University of Zambia, anaonetsa m'chaka cha 1977 kuti malamulo a nthaŵiyo anathandiza kashembe kwambiri. Msonkho unathamangitsira amuna ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, kotero kuti minda yambiri inabwerera tchire. Mfuti ndi ulenje zinaikidwa pansi pa malamulo okhwima, kotero kuti nyama zinafika pafupi ndi midzi. Kumene kuli tchire ndi nyama, kashembe sachedwa kufika.

M'chaka cha 1909 mzungu wina amene anali kuyenda m'chigwa cha Luangwa anadwala, ndipo anakagonekedwa m'chipatala ku Liverpool. Kumeneko akatswiri aŵiri, J. W. W. Stephens ndi H. B. Fantham, anayang'ana magazi ake pa galasi lokuza zinthu, naona tizirombo tosambira ngati timilamba pakati pa magaziwo. Tinali ta mtundu wa kaodzera, koma tinali taukali kuposa timene tinali kudziŵika kale kumadzulo kwa Africa. M'chaka cha 1910 anatipatsa dzina lakuti Trypanosoma rhodesiense, kutengera dzina limene dziko lathu linali nalo masiku amenewo. Dzina la dziko linasintha mu 1964, koma la kachirombo likadalipo.

Chimene chinazunguza mitu ya madokotala chinali ichi. Iwo anali kukhulupirira kuti kaodzera wa anthu amafalitsidwa ndi kashembe wa mtundu umodzi wokha, wokhala m'mithunzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje ya ku Congo ndi ku Uganda. Mtundu umenewo m'chigwa cha Luangwa mulibe. Nanga mzunguyo anaitenga bwanji nthendayi? Kampani inatumiza madokotala Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, pamodzi ndi katswiri wa tizirombo touluka Llewellyn Lloyd, kuti akafufuze. M'zaka za 1911 ndi 1912 iwo anamanga misasa ku Nawalia, kumpoto kwa Lupande, tsidya lina la Luangwa, m'dziko la Mfumu Nabwalya. Anali kulumitsa ntchentche pa nyama zodwala, kenaka nkuzilumitsa pa apusi abwinobwino. Anali kutenganso magazi a nyama zophedwa m'tchire nkuwabaya mwa apusi ndi makoswe. Anapeza kuti wofalitsa nthendayi ndi kashembe wamba wa m'thengo, yemwe uja amatsata munthu pa njinga, wotchedwa Glossina morsitans, ndi kuti tizirombo timabisala m'magazi a nyama zooneka zathanzi, monga nakodzwe, mbaŵala ndi nswala. Atasamukira ku Ngoa, kumtunda kozizira, anaonanso kuti tizirombo timakhwima msanga m'mimba mwa ntchentche kukatentha, ndipo timachedwa kukazizira. Mabuku amatchula maina a azungu atatuwo. Koma ntchentche zikwizikwi zimene zinayesedwa sizinadziloŵetse zokha m'mabotolo, ndipo oyenda m'tchire kukazigwira anali anthu akuda amene matupi awo ndiwo anali kulumidwa.

Kudziŵa wofalitsa nthenda sikuchiritsa wodwala. Ndipo pa nkhani ya mankhwala ndi pamene diso linaloŵa m'mbiri ya kaodzera koyamba, mwa njira yomvetsa chisoni. Ku Uganda, kumene mliri wa nthendayi unapha anthu pafupifupi 250,000 pakati pa 1900 ndi 1920, dokotala wotchuka wa ku Germany, Robert Koch, anayesa mankhwala otchedwa atoxyl pa zisumbu za Ssese m'nyanja ya Victoria m'zaka za 1906 ndi 1907. Dzina lakuti atoxyl litanthauza chinthu chopanda ululu, komatu munali chiphe cha arsenic. Mwa odwala 1,622 amene anabayidwa, 22 anachita khungu, chifukwa mankhwalawo anapha mtsempha umene umachoka ku diso kupita ku ubongo. Mankhwala otsatira, tryparsamide, amene dokotala wamkazi Louise Pearce anawayesa ku Léopoldville, kumene tsopano ndi Kinshasa, m'chaka cha 1920, anapulumutsa anthu ambiri kumadzulo kwa Africa, koma nawonso anali kuononga mtsempha womwewo. Ku Bafia m'dziko la Cameroon anthu mazanamazana anachita khungu pamene wobaya jekeseni anapyoza muyeso. Pa kaodzera wa mtundu wathu mankhwala ameneŵa analibe mphamvu yeniyeni. Amene anathandiza kuno ndi suramin, amene Friedrich Kleine anawayesa m'dziko lino kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, ngakhale kuti amagwira ntchito pokhapokha tizirombo tisanaloŵe mu ubongo. Kwa amene tizirombo tinali titaloŵa kale, thandizo linafika mu 1949 ndi melarsoprol, mankhwala a arsenic oŵaŵa ngati moto m'mitsempha, amene anali kupha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse olandira.

Madokotala onsewo anali kudziŵa kuti mtsempha wa diso umanyamula zithunzi za zimene tiona. Chimene sanali kudziŵa nchakuti umanyamulanso nthaŵi. Kuti mumvetse zimenezi tiyenera kuchoka m'chigwa pang'ono, tipite kumene akatswiri ena, amene sanali kuganiza za kashembe nkomwe, anali kufunafuna malo a koloko ya m'thupi.

Anawapeza m'chaka cha 1972. Magulu aŵiri a ku America, la Robert Moore ndi Victor Eichler, ndi la Friedrich Stephan ndi Irving Zucker, anaonetsa pa makoswe kuti pansi pa ubongo pali kamulu ka maselo, ndiko kuti tizigawo tating'onoting'ono ta thupi, pafupifupi 20,000, kosaposa njere ya maŵere. Akaononga kamuluko, khoswe anali kudya, kumwa ndi kugona monga kale, koma mopanda nthaŵi, usiku ndi usana chimodzimodzi. Tsono taonani pamene kamuluko kanakhala: pamwamba penipeni pa mphambano imene mitsempha ya maso aŵiri imapingasana. Nchifukwa chake dzina lake m'mabuku ndi suprachiasmatic nucleus, kutanthauza kamulu ka pamwamba pa mphambano.

Koloko imeneyi siyenda ndendende. Charles Czeisler ndi anzake a ku Harvard anayesa anthu otsekeredwa kutali ndi dzuŵa, nalengeza mu 1999 kuti tsiku la m'thupi la munthu, poŵerengera anthu ambiri pamodzi, ndi maola 24 ndi mphindi 11. Mphindi 11 nzochepa, koma pa mwezi umodzi zimapitirira maola asanu. Ife a pa wailesi tidziŵa kuti anthu ambiri amakonza mawotchi awo akamva chizindikiro cha nkhani. Thupi nalo liyenera kukonza koloko yake tsiku ndi tsiku, ndipo chizindikiro chake ndi kuŵala kwa m'maŵa koloŵera m'diso.

Apa panatuluka chodabwitsa. M'chaka cha 1995 Czeisler yemweyo anapeza kuti anthu ena akhungu, osatha kusiyanitsa usana ndi usiku, matupi awo anali kumvabe kuŵala: akawayatsira nyali yoŵala kwambiri usiku, melatonin, amene ndi madzi a m'thupi otuluka mu mdima okonzekeretsa munthu kugona, anali kutsika monga atsikira mwa munthu wopenya. Diso losaona linali kuuzabe ubongo kuti kwacha. Chinsinsi chake chinaululika mu 2002, pamene David Berson wa ku Brown University ndi akatswiri ena anaonetsa kuti m'kansalu ka kumbuyo kwa diso, kotchedwa retina, muli maselo oŵerengeka amene ntchito yawo yaikulu si kuona maonekedwe a zinthu koma kuyesa kuchuluka kwa kuŵala, makamaka kuŵala kobiriŵira ngati thambo, nkutumiza uthengawo ku koloko. Munthu amene maselo ameneŵa anafa, kapena amene maso ake anachotsedwa, koloko yake imayenda yokha popanda woikonza, ndipo tulo take timasuntha pang'onopang'ono, milungu ina usiku, milungu ina usana. Ngati kwanu kuli nkhalamba yakhungu imene imagona masana nkumayendayenda m'nyumba usiku, musafulumire kunena kuti yayamba ubwana kapena za ufiti.

Diso silingotumikira koloko ya mu ubongo. Nalonso liri ndi ndandanda yake ya ntchito. Richard Young anaonetsa mu 1967 kuti maselo oonera a mu retina amaphuka kutsinde nkumataya nsonga zawo zakale, kotero kuti pa masiku khumi kapena kuposerapo pang'ono mbali yolandira kuŵala imakhala yatsopano. Mu 1976 Matthew LaVail anapeza pa makoswe kuti maselo oonera mu mdima amataya nsongazo makamaka kutangocha, monga mmene mai amasesera pabwalo m'mamaŵa, ndipo amatero pa nthaŵi yomweyo ngakhale khoswe asungidwe mu mdima.

Koma chimene ndifuna kuti muchigwiritse nchokhudza madzi a m'diso. Diso limakhala lolimba chifukwa cha madzi amene amapangidwa ndi kutuluka mosalekeza mkati mwake. Madziwo akachedwa kutuluka, amapanikiza mtsempha wa diso nkuupha pang'onopang'ono, popanda kuŵaŵa, kuyambira m'mbali. Nthenda imeneyi ndi glaucoma, ndipo imagwira anthu akuda kaŵirikaŵiri ndi msanga kuposa azungu. Chimene yaononga sichibwerera, kusiyana ndi ng'ala imene dokotala akhoza kuichotsa. Tsono kupanikiza kwa madziwo sikukhala chimodzimodzi tsiku lonse. Mwa anthu ambiri kumakwera usiku munthu atagona pansi ndiponso mbandakucha, nthaŵi imene chipatala cha maso nchotseka. Kotero munthu akhoza kuyesedwa masana napezeka bwino, chikhalirecho diso lake limapanikizika usiku uliwonse. Nchifukwa chake dokotala wosamala amayang'ana mtsempha weniweniwo, osati muyeso wa madzi wokha, ndipo nthaŵi zina amakuitanani pa maola osiyanasiyana. Nchifukwa chakenso mankhwala ena odontheza m'maso amalembedwa kuti adonthezedwe madzulo ndipo ena m'maŵa. Amene amasintha nthaŵiyo mwa kufuna kwake, nati bola ndadontheza, amadzimana mbali ya mphamvu ya mankhwalawo. Ndipo popeza maselo amene glaucoma amapha ndi a banja limodzi ndi aja oyesa kuŵala, nthendayi ikakula imasokonezanso tulo.

Tibwerere tsopano kwa kaodzera, tiri ndi nzeru zimene Kinghorn ndi Yorke analibe. Kwa zaka zambiri madokotala anali kukhulupirira dzina la nthendayi, nayesa kuti wodwala amagona mopitirira muyeso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 dokotala wa ku France, Alain Buguet, anamangirira mawaya pa mitu ya odwala ku Côte d'Ivoire ndi ku Brazzaville, nalemba mayendedwe a ubongo wawo usana ndi usiku. Ataŵerengera maola, anapeza kuti odwalawo sanali kugona kwambiri kuposa anthu ena. Tulo tawo tinali toduka zidutswazidutswa, tomwazika pa maola onse 24. Munthu anali kugwa tulo ali pakati pa kudya, nakhala maso pakati pa usiku, ndipo nthenda ikamakula chisokonezocho chinali kukula nacho. Achibale amaona kuodzera kwa masana chifukwa iwo ali maso, koma kusagona kwa usiku sakuona chifukwa iwo ali m'tulo. Wodwala kaodzera ali ngati khoswe uja wa 1972 amene kamulu kake kanaonongedwa.

Akatswiri a ku Verona ndi ku Stockholm, otsogozedwa ndi Marina Bentivoglio ndi Krister Kristensson, anatsata nkhaniyi pa makoswe odwala, napeza kuti tizirombo timayamba kuunjikana m'malo a ubongo amene linga lotchinga magazi ndi lopyapyala, ndipo ena mwa malowo ali pafupi ndi koloko. Anaonanso mu 1994 kuti akaŵalitsira khoswe wodwala nyali usiku, maselo a koloko yake sanali kuyankha monga ayankhira a khoswe wabwino. Uthenga unali kuchoka ku diso, koma wolandira anali atagontha. M'chaka cha 2018 Filipa Rijo-Ferreira, Luisa Figueiredo ndi Joseph Takahashi anaonetsa pa mbeŵa kuti tizirombo ta kaodzera timafupikitsa tsiku la m'thupi, ndi kuti tizirombo ta malungo sititero. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake iwo omwewo anali atapeza kuti kachirombo ka kaodzera nako kali ndi koloko yake, ndi kuti m'mbale zoyeseramo kamafa msanga ndi suramin pa maola ena kuposa ena.

Pano ndiyenera kukuchenjezani, pakuti dzina lakuti kaodzera lingakunyengeni monga linanyengera madokotala. Odwala a Buguet anali ndi mtundu wa kumadzulo kwa Africa, umene umatha zaka ukukwaŵa m'thupi. Mtundu wa ku Luangwa umathamanga: ukhoza kupha munthu pa milungu kapena miyezi yoŵerengeka. Kusokonezeka kwa tulo kumadza tizirombo titaloŵa kale mu ubongo. Zizindikiro zoyamba ndi chotupa choŵaŵa pamene kashembe analuma, mutu, ndi kutentha thupi konga malungo. Munthu wochokera kutchire kapena kumunda wa m'mphepete mwa nkhalango, amene wamwa mankhwala a malungo koma kutentha sikuleka, auze a chipatala mosabisa kumene anayenda, kuti ayang'ane magazi ake pa galasi. Amene adikira kuti ayambe waodzera wadikira nthaŵi yaitali.

Kashembe nayenso amasunga nthaŵi. Alenje ndi asodzi a m'Malambo anadziŵa kale kuti amavuta m'maŵa dzuŵa litakwera pang'ono ndiponso chakumadzulo, ndi kuti masana otentha amabisala m'mphako ndi kunsi kwa nthambi. John Brady wa ku London anaonetsa mu 1972 kuti khalidwe limeneli silichokera ku kutentha kokha, pakuti ntchentche zosungidwa m'nyumba yosasintha kutentha zinasungabe nthaŵi zawo zouluka. Ndiponso kashembe amasaka ndi maso ndi fungo. Glyn Vale ndi anzake, pofufuza m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anapanga misampha ya nsalu zopakidwa mankhwala, yokhala ndi fungo longa la ng'ombe. Nsalu yobiriŵira ngati thambo imaitana ntchentche kuchokera patali ndipo yakuda imaitera. Mukaona nsalu zotere zitapachikidwa m'tchire, si zotayidwa ayi, ndipo si zosokera malaya. Mwina mwaona kale kuti mtundu umene umakopa diso la kashembe ndi womwe uja umene umakonza koloko ya munthu. Zinthu ziŵirizi zinangokumana, koma nzosavuta kuzikumbukira pamodzi.

Pali diso linanso loyenera kuliyang'ana, ndilo la galu. Galu akagwidwa ndi tizirombo ta banja limeneli amaonda, amafooka, ndipo kaŵirikaŵiri maso ake amachita mtambo woyera mpaka khungu. M'chaka cha 2014 akatswiri a pa University of Zambia ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atayesa magazi a agalu oposa 200 a m'midzi ya m'boma la Mambwe: ena mwa agaluwo anali ndi kachirombo komwe kaja ka 1910, kopha anthu. Galu sapatsira munthu nthendayi mwachindunji, koma galu wa mlenje akachita mtambo m'maso, ndiye kuti kumene iye ndi mbuye wake amayenda kuli kashembe wonyamula tizirombo. A zaziŵeto, ndi a pa malo ofufuzira za kashembe a ku Kakumbi pafupi ndi Mfuwe, ayenera kumva za galu wotere.

Chiŵerengero cha odwala kaodzera pa dziko lonse chinatsika pansi pa 1,000 m'chaka cha 2018, koma m'chigwa chathu nthendayi singatheretu, pakuti nkhokwe yake ndi nyama zomwe zija zimene alendo amadzera ku South Luangwa. Chimene chasintha ndi mankhwala. Pa chipatala cha Rumphi ku Malaŵi ndi cha Lwala ku Uganda anayesa mapiritsi otchedwa fexinidazole pa odwala mtundu wathu wa kaodzera. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza mu December 2023, ndipo mu 2024 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti akhale mankhwala oyamba kwa odwala a zaka 6 kapena kuposa, olemera makilogalamu 20 kapena kuposa, ngakhale tizirombo titaloŵa kale mu ubongo. Mulibe arsenic. Wodwala amamwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10, atadya chakudya chokwanira, moyang'aniridwa ndi a chipatala. Mwa zovuta zimene omwa mapiritsiŵa amadandaula nazo kaŵirikaŵiri pali nseru, kusanza, mutu, ndi kusoŵa tulo.